ZA M'MABUKU: Ciswe Cisadye Mbiri ya Opeka Nyimbo

Akristu a m'dziko la Mfumu Magodi akamaimba nyimbo zao pa mishoni ya Chasefu, ndi owerengeka amene amafunsa kuti anazipeka ndani. Yankho lilipo, koma lagona m'makalata akale, ndipo ambiri mwa makalatawo ali kutali.

Mishoni ya Chasefu inatsegulidwa ndi a Livingstonia m'caka ca 1922, m'masiku a Mbusa Donald Fraser wa ku Scotland, amene anakhala zaka zambiri ku Loudon, kapena kuti Embangweni, tsidya la malire m'Malawi. Fraser anali kulimbikitsa aNgoni ndi aTumbuka kupeka nyimbo za Mulungu m'maimbidwe a makolo ao. Mmodzi mwa akatswiri a nchito imeneyi anali Mawelera Tembo, amene anabatizidwa mu 1890.

Fraser anamwalira mu 1933, ndipo mkazi wake, Agnes, anasindikiza mbiri yake mu 1934. Patapita zaka zambiri, Jack Thompson wa ku Northern Ireland, amene anaphunzitsapo ku Livingstonia, anafufuza makalata a mishoni osungidwa ku Edinburgh ndi ku Zomba, natulutsa buku lake mu 1995. Cifukwa ca makalatawo, maina a opeka nyimbo a kuno anamvekanso.

Kwao kwa Thompson nkhani yotereyi amaidziwa bwino. Mlakatuli wochuka wa ku Ireland, W. B. Yeats, anamwalira mu 1939, koma banja lake linasunga zolemba zake zambiri, ngakhale zofufutafufuta, nilizipereka ku nyumba ya mabuku ya dziko lao mu Dublin. Zimenezi zinathandiza Roy Foster kulemba mbiri ya Yeats m'mabuku awiri, mu 1997 ndi mu 2003.

Nanga kuno kwathu? Makope a alaliki ndi aphunzitsi akale, momwe analembamo nyimbo ndi ndakatulo, akali m'masutukesi ndi m'madenga a nyumba, ndipo ciswe ndi mvula sizidziwa ulemu. Mwini kope akamwalira, adzukulu amakolezera moto mapepala ake osadziwa cimene akuocha.

Banja limene lili ndi kope lotere licite bwino kulionetsa kwa abusa kapena kwa aphunzitsi aakulu, kuti lijambulidwe ndi kudziwika ku National Archives mu Lusaka. Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka.