ZA MAKINA A MASIKU ANO: Nkhokwe ndi Dengu M'kati mwa Kompyuta

Munthu akatumiza ndalama pa foni, kapena mlimi akafunsa za ndalama zake ku banki, yankho limacokera ku kompyuta yaikulu yochedwa seva, imene imasunga maina ndi ziwerengero za anthu zikwi zambiri. Seva ikacedwa kuyankha, anthu amaima pamzere mpaka dzuwa kupendeka.

Kawirikawiri cimene cimacedwetsa ndico cosungiramo cochedwa hard disk. Coyamba cinapangidwa ndi kampani ya IBM ku America mu 1956, ndipo cinali ndi mbale 50. Za masiku ano n'zazing'ono, koma kacitidwe kake n'komweko: mbale zimazungulira, zambiri ka 7,200 pa miniti, ndipo kamkono kamayendayenda kufunafuna cimene cafunsidwa. Motero hard disk imodzi imangoyankha mafunso ngati 100 kapena 200 pa sekondi.

Pali cosungiramo cina cochedwa SSD. Ico ciribe mbale kapena kamkono, ndipo cimayankha mafunso zikwi makumi angapo pa sekondi. Nzeru yake inayamba ndi katswiri wa ku Japan, Fujio Masuoka, wa kampani ya Toshiba, m'zaka za m'ma 1980. Bvuto lake ndi mtengo: malo ofanana amadula kwambiri pa SSD kuposa pa hard disk.

Akatswiri anapeza njira imene mai aliyense wa pamudzi amaidziwa. Cimanga ca caka conse cimakhala m'nkhokwe, koma ufa wa masiku ocepa umakhala m'dengu pafupi ndi moto. Cimodzimodzinso, zonse zimasungidwa pa hard disk, koma zimene zifunsidwa kawirikawiri zimakoperedwa pa SSD yaing'ono. Denguli alicha cache. Mu 2013 pulogalamu ya Linux, imene imayendetsa maseva ambiri padziko, inalandira zida ziwiri zocitira nchitoyi, dm-cache ndi bcache.

Polemba zatsopano pali njira ziwiri. Yoyamba ndiyo kulemba pa SSD ndi pa hard disk nthawi imodzi. Imacedwerapo koma palibe cotayika. Yaciwiri ndiyo kulemba pa SSD pokha, n'kusamutsa pambuyo pake. Iyi ndi yofulumira, koma SSD ikafa kapena magetsi akazima zinthu zisanalembedwe bwino, ndalama zimene munthu wangolandira kumene zikhoza kusowa m'mabuku. N'cifukwa cake eni maseva osamala amaika ma SSD awiri osunga zofanana, pamodzi ndi mabatire a magetsi.

Komanso SSD imakalamba, pakuti iri ndi malire a nthawi zimene ingalembedwe, ndipo iyenera kusinthidwa isanatheretu. Ndiponso ngati funso lirilonse likufuna cinthu catsopano, dengu silithandiza kanthu. Ulendo wa kunkhokwe umakhalapobe.