Chonunkhira kwa Mphunzitsi, Misozi kwa Mwana

Pa sukulu ya uphunzitsi timalangizana kuti mphunzitsi ayenera kukhala waukhondo, pakuti ana amatengera zimene akuona. Zimenezi n'zoona ndithu. Koma ambiri mwa inu, mukalandira kandalama koyamba, mumathamangira botolo la perefyumu poyesa kuti kununkhira ndiko ukhondo. Ine ndikuti mphunzitsi wanzeru amasiya botolo lija kunyumba, chifukwa m'kalasi ana onse amapuma mpweya umodzi, ndipo mwana amene fungo lamuvuta alibe ufulu wotuluka.

Tiyeni tione chimene chimachitika. M'botolo limodzi muli mankhwala ambirimbiri amene amauluka msanga, ndipo kuuluka kwakeko ndiko kumafikitsa fungo kwa ife. Ena mwa iwo ndi limonene, wopezeka m'makoko a ndimu ndi malalanje, ndi linalool. Kawirikawiri pa botolo amangolembapo liwu limodzi loti parfum. Ku Ulaya lamulo la 2003 linatchula mankhwala 26 oyambitsa ziwengo pa khungu kuti azilembedwa mayina ao, ndipo mu 2023 anawonjezerapo ena 56. Tsono m'mphuno ndi m'maso mwathu muli mitsempha imene ntchito yake si kununkhiza ayi, koma kuchenjeza thupi. Ndiyo imatulutsa misozi tikamadula anyezi, ndiyonso imatiyetsemulitsa tsabola akapserera pa moto. Mwa anthu ena mitsempha imeneyi sichedwa kudzidzimuka, kotero kuti kafungo kochepa kamakwanira kufiiritsa maso, kutseka mphuno ndi kupweteketsa mutu.

Chovuta n'chakuti wodzolayo samva. Pakapita mphindi zowerengeka mphuno yake imazolowera, motero mawa lake amawonjezera. Kumbukiraninso makalasi amene mukaphunzitsemo. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, si chachilendo kupeza ana oposa 100 m'chipinda chimodzi. Mu Okutobala kutentha kumaulutsa mankhwala aja mofulumira, pamene mu Juni timatseka mazenera pothawa chisanu, fungo n'kusowa potulukira. Pamwamba pa perefyumu palinso sopo wonunkhira, mafuta a m'tsitsi, polishi wa pansi ndi fumbi la choko.

Kodi mwana wotere mungam'dziwe bwanji? Chimfine chimakhala masiku angapo, mwana ali m'kalasi kapena ali panja. Koma vuto la fungo limayamba mwana akayandikira chinthu chonunkhira, ndipo limachepa akapita pa mphepo. Mukaona mwana amene amafika bwinobwino mamawa, koma pofika phunziro lachiwiri akutikita maso ndi kufwenthera, lembani m'kope lanu tsiku, nthawi ndi malo amene anakhala. Pakatha milungu iwiri mudzaona pamene pagona vuto. Musam'nene ulesi kapena chipongwe. Mwana amene maso ake ali mbwee misozi sangaone pa bolodi, ndipo akatsalira pa kuwerenga mu Sitandade 2 adzavutika zaka zambiri.

Chithandizo choyamba sichilira ndalama. Tsekulani mazenera a mbali zonse ziwiri kuti mphepo izidutsa. Mwanayo akhale pafupi ndi zenera, patali ndi fumbi la pa bolodi, ndipo bolodilo muzipukuta ndi kansanza konyowa. Polishi apakidwe Lachisanu ana ataweruka. Maso akayamba kuyabwa, mwana atuluke akasukusule ndi madzi oyera, osatikita. Musalole kuti adonthezedwe madzi a masamba kapena mankhwala otsala a munthu wina, pakuti diso silichedwa kuwonongeka. Koma mukamva m'chifuwa mukulira popuma, kapena mwana akubanika, fulumirani naye ku chipatala, chifukwa fungo limadzutsa mphumu. Maso a manthongo ambiri nawonso ndi a ku chipatala, poti mwina ndi nthenda yopatsirana.

Wina anena kuti, “Thupi ndi langa, ndiponso ndimapalasa njinga mtunda wautali, kodi ndifike ndikununkha thukuta?” Funsoli n'lomveka. Koma chimene chimachotsa thukuta ndi madzi, sopo ndi malaya ochapa, perefyumu amangophimba. Mafuta odzola opanda fungo alipo m'masitolo. Botolo lanu lisungeni, mudzadzola popita ku ukwati.

Ngati fungo likuchokera kwa mwana mnzake, musam'chititse manyazi pamaso pa gulu. Mwina mafutawo ndi okhawo amene makolo ake anakwanitsa kugula. Muitaneni pambali, kapena kambiranani ndi makolowo mwaulemu. Ndipo ngati wovutikayo muli inu nomwe, fotokozerani mphunzitsi wamkulu poyera kuti nkhaniyi ikambidwe pa msonkhano wa aphunzitsi.

Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Popita ku sukulu zimene mukayeserere kuphunzitsa, muzikayang'ana maso a ana amene akhala kutsogolo, ndipo muzikayamba mwatsekula mazenera musanagwire choko.