Za Kainjini ka Nthunzi ndi Khomo Lake Lopumira



Palibe mai ndi mmodzi yemwe pakati pa inu amene sanaone mbale yovundikira mphika ilikuvina pamoto pamene madzi a nsima awira. Mwana afunsa kuti, Ndani alikuikankha? ndipo amai ayankha kuti, Ndi nthunzi, choka ungapse. Mwezi uno tifuna kukamba nanu za nthunzi yomweyo, pakuti tinaiona ilikugwira ntchito pa tebulo lathu, nitiphunzitsa kanthu kamene tiyesa kuti nkoyenera kufika pa khomo lililonse.

Mnzathu wina wa ku Ulaya anatitumizira kabokosi, ndipo m'katimo munali kainjini ka nthunzi kosamanga, chiwalo chilichonse pachokha, pamodzi ndi pepala la zithunzi losonyeza mamangidwe ake. Tsono tinaitana anyamata asanu a sukulu, mwa aja opanga magalimoto a mawaya, ndi bambo wina wokonza njinga pa msika, kuti timange pamodzi tsiku Loweruka masana. Poyamba tinayala nsalu yoyera pa tebulo, ndi kuwerenga ziwalo zonse monga zinalembedwa pa pepala. Pakuti mabawuti ena ali ngati njere za mpunga, ndipo mmodzi akagwa pansi, nkhuku ndiyo iyamba kumuona.

Ziwalo zazikulu ndi zinai. Choyamba ndicho kamphika ka mkuwa, kotalika ngati chikhatho cha munthu wamkulu, kotsekeka mbali zonse, kokhala ndi kagalasi koonetsa pamene madzi alekeza. Amisiri amakatcha boyila. Chachiwiri ndicho kambaula kokhala pansi pake, m'mene muyaka sipiriti. Chachitatu ndicho silinda ndi pisitoni yake, zimene zifanana ndi pampu ya njinga. Koma pa pampu mkono wa munthu ndiwo ukankha ndodo kuti mpweya utuluke, pamene apa nthunzi ndiyo ilowa nikankha ndodo. Chachinai ndicho gudumu lolemera, limene ndodoyo ilizunguza. Ndipo pamwamba pa boyila pali kanthu kena kochepetsetsa, kachitseko kopanikizidwa ndi sipuling'i, kamene ife tinakatcha khomo lopumira. Musakaiwale, chifukwa tibwererakonso.

Kayendedwe kake nkotere. Silinda ya kainjini kathu siikhala chilili, koma igwedera uku ndi uko. M'mbali mwake muli kabowo kamodzi, ndipo chitsulo chimene yatsamirapo chili ndi timabowo tiwiri. Ikapendekera mbali ina, kabowo kake kakomana ndi kabowo kodzera nthunzi ya mu boyila. Nthunzi ilowa, nikankha pisitoni, ndipo gudumu liyenda theka la ulendo wake. Ikapendekera mbali inzake, kabowo kaja kakomana ndi kotulukira, nthunzi yotha ntchito nithawa kunja. Ndipo gudumu, popeza nlolemera ndipo layamba kale kuyenda, libweza pisitoni pa malo pake kuti zonse ziyambenso. Mphamvu yake ichokera apa: kapu imodzi ya madzi ikasanduka nthunzi ifuna malo a makapu oposa 1,600, ndipo ikasowa malowo ikankha chilichonse chimene chaitsekera.

Titatha kumanga, tinathira madzi a mvula ofunda mu boyila kufikira magawo atatu mwa anai. Tinasankha a mvula chifukwa a pa mjigo amasiya mwala woyera uja mumauona m'ketulo, umene utseka timipope tating'ono. Ndipo tinasiya malo pamwamba kuti nthunzi ipeze posonkhana. Tinadontheza oyilo pa pisitoni ndi pa mtanda wa gudumu, tinayatsa moto, ndi kukhala chete. Posakhalitsa tinamva kulira kwa madzi, koma gudumu silinayende. Nthunzi inali kutuluka pa mfundo ya kampope. Anyamata anati tionjeze moto. Koma wokonza njinga uja anati, Iai abambo, zimitsani, tidikire kazizire. Katazizira anamasula mfundoyo, napeza kuti tinaiwala kawashala kamodzi, kamene kanali kubisala pa mphepete pa nsalu. Kulakwa kunali kwathu, chifukwa cha liwiro la mtima. Ndipo tinakumbukira mau a makolo akuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Ulendo wachiwiri zinayenda. Poyamba silinda inalavula timadzi, pakuti inali yozizira, ndipo nthunzi yokhudza chitsulo chozizira ibwerera kukhala madzi. Koma itafunda, mnyamata wina anakankha gudumu ndi chala, ndipo taonani, linayamba kuzungulira lokha, mofulumira kotero kuti masipoko ake sanaonekenso. Anyamata anaomba m'manja. Amai amene anali kuchokera ku chigayo anatula mitolo yao pa khonde nasuzumira pa zenera. Kainjini kanayenda monga mphindi 15, ndipo moto unazima madzi akalipo, monga kayenera.

Koma kali chiyendere, khomo lopumira lija linatseguka pang'ono nilitulutsa nthunzi ndi mluzu. Pamenepo mnyamata wochenjera koposa anzake anati, Bambo, nthunzi ilikutayika chabe. Tikamanga kachitsekoko ndi waya, gudumu lithamanga koposa. Mau ake anamveka ngati anzeru, ndipo anzake anavomera. Koma ndiwo mau amene anaphetsa anthu ambiri m'masitima ndi m'mafakitale a kale. Sipuling'i ija inayesedwa kuti igonje mkuwa usanagonje. Mukaimanga, nthunzi siileka kuchuluka. Ifuna khomo lina, ndipo ilipeza pong'amba boyila, ndi kumwaza madzi otentha kopambana owira pa nkhope za onse oimirira pafupi. Nchifukwa chake Denis Papin, munthu wa ku France, pamene anapanga mphika wotsekeka wofewetsera mafupa ndi nthunzi m'chaka cha 1679, anauikira kachitseko kotere kokhala ndi cholemetsa. Ndipo kuyambira apo mmisiri woona samanga boyila yopanda khomo lopumira.

Chotero tinapangana ndi anyamata malamulo awa, ndipo tiwalemba pano kuti athandize aliyense amene adzagwira kainjini kotere. Munthu wamkulu akhalepo nthawi zonse. Khomo lopumira liyesedwe ndi chala moto usanayake, kuona ngati silinamatirire, ndipo lisamangidwe konse. Diso lisachoke pa kagalasi ka madzi, pakuti boyila youma pamoto isungunuka m'mfundo zake. Moto ukazima, musaonjeze sipiriti musanaonjeze madzi. Ndipo musathire sipiriti m'kambaula kotentha, chifukwa lawi lake silioneka bwino masana, ndipo munthu ayesa kuti wazima pamene ulikuyaka. Musatsegule chotsekera cha boyila isanazizire. Potsiriza, tayani madzi otsala, pukutani, ndi kudzoza oyilo.

Kapena wina adzati, Nanga abambo a ku mishoni atayirenji tsiku lonse pa choseweretsa cha ana? Tiyankha kuti zazikulu zambiri zinayamba ndi tating'ono totere. Wansembe wa chipani cha Ayezuiti, Ferdinand Verbiest, amene anatumikira ku China namwalira ku Beijing mu 1688, analongosola m'buku lake la Astronomia Europaea, losindikizidwa mu 1687, kangolo kakang'ono koyenda ndi nthunzi youzira pa mapiko a gudumu. Ndipo ku Scotland, m'nyengo yozizira ya 1763 ndi 1764, James Watt anapatsidwa kainjini kophunzitsira ka sukulu yaikulu ya Glasgow kuti akakonze. Kanali kachifanizo ka injini ya Thomas Newcomen ya 1712, yopopa madzi m'migodi. Watt anaona kuti nthunzi yambiri inali kuthera pa kufunditsa silinda imene inali kuziziritsidwa ulendo uliwonse, monga ife tinaona timadzi tija polavulidwa ndi silinda yozizira. Mu 1765 anapeza nzeru yoziziritsira nthunzi m'chotengera china chapadera, kuti silinda ikhale yotentha nthawi zonse. Ndipo injini zinayamba kudya malasha ochepa ndi kugwira ntchito yambiri.

Ngakhale kuno kwathu nthunzi inafika m'zidutswa monga za m'kabokosi kathu, koma zazikulu. M'chaka cha 1875 amishoni a ku Scotland, otsogozedwa ndi E. D. Young pamodzi ndi Robert Laws, anadza ndi sitima ya Ilala, yopangidwa ku London. Anailumikiza pa mathiriro a Zambezi, nakwera nayo mtsinje wa Shire; ndipo pofika pa mathithi anaimasulanso, anthu a dziko lino mazanamazana nasenza zidutswa zake pamutu ulendo wa makilomita pafupifupi 100, kufikira pamene madzi ayendanso bwino. Inalowa m'nyanja pa 12 Okutobala 1875. Imeneyo ndiyo Ilala yoyamba, yoyenda ndi nkhuni. Yachiwiri, ya dizilo, inalowa m'madzi mu 1951. Ndipo mau omwe akuti sitima, amene titchula nawo ya pamadzi ndi ya pamtunda yomwe, anachokera ku mau a Chingerezi onena za nthunzi.

Tsono tili ndi pempho kwa inu makolo. Tidziwa kuti anyamata aja afotokozera anzao zimene anaona, ndipo ana a m'midzi mwathu ali ndi manja aluso. Wina adzatenga chitini cha mafuta kapena cha utoto, nathiramo madzi, nachitseka ndithu, nachiika pamoto kuseri kwa nkhokwe kuti apange injini yake. Chonde mletseni. Chitini sichinapangidwe kuti chipirire nthunzi, ndipo chilibe khomo lopumira. Koma musamletse ndi ndodo yokha, pakuti akatero adzapita kukachita kutali kumene simumuona. Khalani naye pansi, mumuonetse mbale yovina pa mphika, mummasulire pampu ya njinga aone m'kati mwake, ndipo mubwere naye ku mishoni kuti aone kainjini kalikuyenda pamaso pa akulu. Ngati tsoka lagwa ndipo mwana wapsa, thirani madzi oyera ozizira pa balalo kwa mphindi 20; musapakepo mafuta, dzira kapena mankhwala otsukira mano; phimbani ndi nsalu yoyera ndi kufulumira naye ku chipatala.

Usiku wa tsiku lija tinalingalira mau a mnyamata uja, akuti nthunzi ilikutayika chabe, ndipo tinaona kuti akulu ambiri aganiza chimodzimodzi za nyumba zao. Alipo bambo amene ayesa kuti nyumba yake ili pa mtendere chifukwa mkazi wake ndi ana saloledwa kudandaula. Iye wamanga khomo lopumira ndi waya, ndipo moto ukali kuyaka pansi. Alipo mai amene asunga chakukhosi chaka ndi chaka osauza mwamuna wake kapena ankhoswe, kufikira tsiku limene kanthu kochepa kaphulitsa zonse, ana ndiwo napsa. Mulungu anatipatsa makomo opumira: kukambirana kwa awiri madzulo ana atagona, ankhoswe a mbali zonse ziwiri, akulu a mphakati, ndi sakramenti la Kulapa. Mau odandaula onenedwa msanga ndi mwaulemu sachepetsa mphamvu ya banja, monga mluzu uja sunaimitse gudumu. Alisunga kuti liyendebe mawa.

Kainjini kali pa shelefu m'chipinda chophunziriramo, kopukutidwa ndi kodzozedwa, ndipo tidzakayendetsanso Lamulungu loyamba la mwezi wa mawa itatha Misa. Bwerani ndi ana anu. Mulungu akudalitseni inu ndi a m'nyumba zanu, ndipo Amai Maria akusungeni.