Maso Athu Ali pa Yani?

Makolo anzanga ndi inu achinyamata, mayeso a Sitandade 8 akayandikira ndimaona zomvetsa chisoni m'kalasi mwanga. Ana ena, obatizidwa ndithu, amabwera atavala kachithumwa m'chiuno. Ndikawafunsa amati awamangirira kwawo kuti anzawo asawabere nzeru. Mtima umandipweteka, pakuti makolo awo ndi omwewo timakhala nawo pa Mgonero wa Ambuye.

Abale, muzu wa zimenezi ndiwo mantha. Kumbukirani Petro pa Mateyu 14. Pamene maso ake anali pa Yesu anayenda pamadzi, koma atayang'ana mphepo anayamba kumira. Mphepoyo inalipo kale asanatsike m'ngalawa. Iye anangochotsa maso pa Mbuye wake.

Mantha amapatsirana ngati chikuku. Kholo likamaopa, mwana aopanso, mpaka Akhristu a mpingo umodzi ayamba kuganizirana ufiti ndi kuleka kuyenderana. Komatu kulimba mtima nakonso mwana amaphunzira kwa kholo lake. Tsono mwezi uno dulani kachingweko, gwadani pamodzi ndi mwana wanu, kenaka mumuyatsire nyali awerenge. Petro atafuula, Yesu anamugwira dzanja nthawi yomweyo. Mpulumutsi yemweyo ali nafe lero.