Lenzi ya Kamera Ikawonongeka: Tikonzetse Kapena Tigule Ina?



Mwezi watha ananditsikira kuno ku Lilongwe mwana wa mlongo wanga kuchokera ku Mangochi, nkhope ili yakugwa. Mnyamatayu amajambula zithunzi pa maukwati, ndipo ndalama yake ndi imene imalipirira azing'ono ake sukulu. Kamera inampulumuka n'kugwera mumchenga kunyanja, lenzi yake ya zoom ya 18-55mm n'kuuma gwa, osapotokanso. Chonsecho kunali nikah Loweruka lotsatira, ndipo eni ake anali atapereka kale theka la ndalama. Funso lake linali lakuti, "Amalume, ndikonzetse kapena ndigule ina?"

Tidziwe kuti lenzi ya zoom si galasi limodzi ayi. M'kati mwake muli magalasi angapo, nthawi zambiri oposa 10, oikidwa m'magulu. Mukamapotoza, maguluwo amasendera kutsogolo ndi kumbuyo m'tinjira topapatiza. Kamchenga kamodzi kakalowa m'tinjiramo, zonse zimaima, ndipo wokakamiza amathyola timano ta pulasitiki. Katswiri uja Ibn al-Haytham, wobadwira ku Basra mu 965, analongosola m'buku lake la Kitab al-Manazir kuti timaona chifukwa kuwala kumachoka pa chinthu n'kulowa m'diso. Lenzi ndiyo imawongolera kuwala kumeneko, choncho galasi limodzi likapendekeka pang'ono chabe, chithunzi chonse chimatuluka chachimbuuzi.

Tinayamba ku Old Town, kuchokera ku Malangalanga mpaka ku masitolo a ku Bwalo la Njobvu. Okonza mafoni ndi ambiri, ndipo ena anavomera msanga kuti atsegula. Koma safunsa anadya phula. Mmisiri wina wachikulire anatiuza zoona: akhoza kuchotsa mchenga, koma timano tothyokato n'tofunika kuitanitsa kunja, ndipo Loweruka lifika tisanabwere. Mtengo wake unaposa theka la mtengo wa lenzi ya kaunjika.

Apa ndiye pali muyeso wake. Ngati chathyoka ndi mkombero wakumbuyo womangira lenzi ku kamera, kapena kachingwe ka magetsi ka m'kati, konzetsani, pakuti zimenezi amangosintha. Ngati magalasi asweka kapena asuntha, kapena kukonza kukuposa theka la mtengo wa ina, gulani ina. Lenzi yodula ndiyo yoyenera kuivutikira. Ya 18-55mm imapezeka mosavuta.

Pogula ya kaunjika tengani kamera yanu. Lenzi ya Nikon simangika pa Canon. Ngakhale m'kampani imodzi muli kusiyana: makamera a Canon R ndi Nikon Z, amene anayamba mu 2018, salandira malenzi akale popanda adaputala. Walitsani tochi m'galasi. Mukaona timizere tonga ukonde wa kangaude, chimenecho ndi chuku, isiyeni. Potozani kuchokera pa 18 mpaka pa 55, mumvetsere ngati ikukhuta penapake, kenaka jambulani chapafupi ndi chakutali.

Ku City Centre wojambula wina anatilozera ku Area 10, kwa munthu amene amagulitsa katundu wake pobwerera kwawo. Kumeneko tinapeza lenzi yabwino, ndipo nikah inajambulidwa. Chinandikondweretsa n'chakuti tisanaipeze n'komwe, mnyamatayo anali ataimbira kale eni ukwati kuwauza za vutolo, kuti ngati afuna apeze wojambula wina, iye abweze ndalama yawo. Iwo anasankha kumudikira.

Inu a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, adani a lenzi ndi mchenga ndi chinyezi. Musasinthe lenzi pa gombe kukuwomba mwera. Musaipukute ndi malaya kapena kuithira mafuta a makina osokera. Nyengo ya dzinja isungeni m'chigubu chotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel, tija timapezeka m'mabokosi a nsapato. Ndipo chingwe cha kamera chizikhala m'khosi nthawi zonse. Mwana wa mlongo wanga tsopano sachivulanso.