Buluzi salakwa, koma ndiye amapsa

Buluzi wa mizere iwiri, amene akatswiri a sayansi amamutcha Trachylepis striata, amapezeka kwambiri m'tchire louma la chigwa cha Bwanje ku Ntcheu, cha ku Kasinje, Sharpevale ndi Bilira, kumene kwadzaza mithethe ndi milambe. Thupi lake ndi losalala, lakhofi, ndipo mizere iwiri yotuwa imayambira cha kumaso kutsetsereka mpaka kumchira. Wamkulu amatalika pafupifupi masentimita 25, kuwerengera ndi mchira womwe.

M'mawa amawothera dzuwa pamwala kapena pachitsa chifukwa thupi lake limadalira kutentha kwa kunja. Likafunda amayamba kusaka chiswe, ziwala, mphemvu ndi akangaude. Wamkazi saikira mazira ngati gulo, amabereka ana amoyo. Njoka kapena kabawi akamugwira, buluzi amadula mchira wake, umene umatsala ukuphiriphitha pansi. Mdani akamalimbana nawo, mwiniwake amakhala atalowa kale mumng'alu, ndipo mchira wina umadzaphuka. Alibe ululu, sadya chimanga, saba nkhuku.

Nanga anyamata amalegeni amamugenderanji? Samudya, sakamugulitsa. Amangoyesera dzanja, akulu ali chete pakhonde. Aliyense woganiza bwino akudziwa kuti mwana wozolowera kupha chopanda mlandu sathera pa buluzi.

Ndi dzanja lomwelo limene limakoleza moto m'tchire kuyambira mu Ogasiti mpaka mu Okutobala pofuna mbewa zokagulitsa m'mbali mwa msewu wa M1. Mbewa zina zimapulumukira kuuna, koma buluzi wobisala m'masamba ouma ndi m'makungwa amapsera momwemo. Zitsa ndi mitengo yogwa, zimene zikanasunga otsala, zimathera m'mauvuni a makala. Lamulo la zankhalango la 1997 limaletsa kuyatsa moto m'nkhalango zotetezedwa monga Mvai ndi Dzonzi, koma tchire la m'midzi lilibe mlonda wina kupatula mfumu ndi makolo.

Akuluakulu adati nkhuyu zodya mwana zidapota akulu. Lupsa likadutsa, msipu wa mbuzi ndi ng'ombe umatha, udzu wofolera nyumba umasowa, ndipo mvula yoyamba imakokolola nthaka yopanda chofunda kupita nayo mumtsinje wa Bwanje. Chiswe chimapulumuka pansi pa chulu, pamene buluzi amene amachidya wapsa. Mafumu a ku Ntcheu ali ndi mphamvu yolipiritsa wotentha tchire, ndipo kholo lililonse lingathe kulanda legeni. Zonsezi sizilira ndalama za boma.