MAU A MLANGIZI: Samalani Msana wa Uta

Alimi anzanga a ku Salima, cimanga cikayamba kukhwima anyani a m'mapiri a Senga ndi nguluwe za m'thengo sizipempha cilolezo. Ambiri a inu mulonda minda ndi uta. Koma uta wosema mothamanga, cimanga citabereka kale, ndiwo uthyoka ndi kulasa mwini wace m'diso. Nthawi yokonza ndi ino ya cilimwe.

Uta uli ndi mbali ziwiri. Mbali yopenya kwa mwini wace ndiyo mimba, ndipo pokoka nsinga ipanikizika. Mbali yopenya kumene kupita mubvi ndiyo msana, ndipo ikokeka. Msana ukangocita kamng'alu, uta watha.

Msana woposa yonse ndi umene mtengo unabadwa nao. Dulani tenza kapena cipangala coongoka, copanda mfundo, mu Juni kapena Julayi. Umikani pamthunzi miyezi ingapo. Kumsana cotsani khungwa lokha. Kusema konse kucitike kumimba. Angerezi akale anadziwa zimenezi. M'combo cao ca Mary Rose, cimene cinamira mu 1545 ndi kubvuulidwa mu 1982, munapezeka mauta oposa 100 amene msana wace unali mtengo woyera wa pansi pa khungwa.

Tsono ngati mtengo wanu uli wokayikitsa, muulimbitse ndi ciani?

1. Cikopa ca mbuzi cosafufuta. Cotsani ubweya, cinyikeni m'madzi, ciyaleni kumsana ndi kukulunga zolimba. Pouma cifinyika ndi kugwira mtengo. Siciwonjeza mphamvu, koma ciletsa mng'alu kukula.

2. Mitsempha ya ng'ombe. Iyi iwonjeza mphamvu ndithu. Anthu a ku Turkey ndi Mongolia ankaimata pa mauta ao ndi zomatira zophika ndi zikopa. Koma mitsempha ndi zomatira zotere zimwa cinyezi. Kuno kunyanja, kuyambira Disembala kufika Malici, pamene uta ufunika kwambiri, zifewa ndi kulekerera. Ainuit a ku maiko a cisanu ankailuka ngati cingwe ndi kuimanga kumsana popanda comatira. Ikalekerera, munthu aikunganso. Njira iyi ndiyo iyenera kwathu.

3. Nsungwi yokhwima. Siiopa cinyezi kwambiri, koma iri ndi mphamvu yopambana mitengo yofewa, kotero kuti mimba ya uta iphwanyika. Ipaleni mkati kufikira itapyapyala, koma khungu lace ndi mfundo zace musakhudze.

4. Khonje ndi luzi. Izi nzomangira cabe kunsonga ndi pogwira.

Mukatha, pakani phula la njuci. Uta usagone wokunga, ndiponso usagone pansi, upacikeni kutsindwi.

Mau otsiriza. Uta wa mlimi ngwolondera munda wace. Lamulo la nyama za m'thengo la 1992 liletsa kusaka m'malo osungidwa, ndipo m'nkhalango ya Boma ya Thuma simuyenera kudula mtengo kapena nsungwi popanda cilolezo. Njobvu kapena mvuu zikalowa m'munda musaziponye mibvi, pakuti nyama yolasidwa ndiyo ipha munthu. Kanenani msanga kwa anyakwawa ndi kwa oyang'anira nyama.

Sankhani mtengo wanu mwezi uno, kuti mvula idzapeze uta utauma.